Kopa wanga akuchoka ndikangopukuta ndi chala, chalakwika n'chiyani?

Wowerenga wina watilembera motere: "Zikomo akatswiri. Ine ndimakonza mawailesi ndi tizipangizo tina tamagetsi, koma za mankhwala sindinaphunzire mokwanira. Ndinafuna kukuta misomali ndi kasipanala kanga ndi kopa. Ndinasungunula copper sulphate m'madzi, ndinamangirira msomali ku negetivu ya batire la 9 V ndi waya wa kopa ku pozitivu, n'kuviika. Chodabwitsa, msomali unafiira ndisanalumikize n'komwe batire. Nditalumikiza unada bii, ndipo nditaupukuta zonse zinachoka ngati mwaye. Tsiku lina ndinayesa madzi amchere ndi timitengo ta kaboni ta m'mabatire akale. Kunatuluka thovu mbali zonse ziwiri ndi fungo ngati la mankhwala oyeretsera zovala, mpaka ndinatsokomola. Ndinamva kuti mumchere muli sodiyamu, nanga iyeyo anapita kuti? Komanso anode ndi pozitivu kapena negetivu, poti mabuku akutsutsana?"

Bambo, mtima m'malo. Copper sulphate wanu ndi wabwinobwino, batire nalonso lilibe mlandu, ndipo zimene mwaonazo n'zimene zimayenera kuchitika ndi zipangizo zimene munasankha. Chimodzi chokha ndikupempheni kuti musabwerezenso m'chipinda chotseka, cha madzi amchere chija, ndipo ndifikako. Mafunso anu onse muzu wake ndi umodzi. Tiyambire pa msomali umene unafiira batire lisanalumikizidwe, chifukwa pamenepo m'pamene pagona nkhani.

Copper sulphate akasungunuka m'madzi, kopa sakhalanso ngati amene mumamuona pa waya. Atomu iliyonse ya kopa imakhala ikuperewera maelekitironi awiri, tinthu ting'onoting'ono tonyamula magetsi a negetivu. Atomu yotero timaitcha ion, ndipo timailemba kuti Cu²⁺. Mtundu wa buluu uja ndi wa ma ion amenewa atazunguliridwa ndi madzi. Ion ya kopa ikangopeza maelekitironi awiri imabwerera kukhala kopa wofiirira wooneka ndi maso. Inu mumafuna kuti maelekitironiwo achokere ku batire. Koma msomali ndi wa ayironi, ndipo ayironi sagwiritsitsa maelekitironi ake ngati mmene kopa amagwirira. Mukangouviika, maatomu a ayironi apamwamba pa msomali amapereka maelekitironi awiriawiri kwa ma ion a kopa. Iwo amasungunukira m'madzi monga Fe²⁺, kopa n'kukhala pamalo pawo:

Fe + Cu²⁺ → Fe²⁺ + Cu

Taonani bwino kusinthana kumeneku. Kopa aliyense amene wakhala pa msomali, pali ayironi amene wachoka pansi pake. Magalamu 55.8 a ayironi akasungunuka, magalamu 63.5 a kopa amatuluka m'madzi. Ndiye kuti khoma likumangidwa maziko akukumbidwa. Kopa wobwera motere amakhala wa timabowotimabowo, madzi amalowabe pansi pake n'kumadya msomali, ndipo chilichonse chimene batire lingadzaunjike pamwamba chimangotsamira pa chinthu chosagwira. N'chifukwa chake chala chinakwanitsa kuchotsa zonse. Mukafuna kutsimikiza, ikani misomali isanu yopalidwa bwino m'theka la kapu ya madzi abuluuwo, osalumikiza batire, muisiye usiku wonse. M'mawa mupeza buluu uja wazilala, madzi ayamba kubiriwira mopepuka, ndipo pansi pali nsenga zofiirira. Kubiriwirako ndi ayironi amene wasungunuka, nsengazo ndi kopa.

Apa mwaona kale oxidation ndi reduction ndi maso anu. Oxidation ndi kutaya maelekitironi, zimene zinachitikira ayironi. Reduction ndi kulandira maelekitironi, zimene zinachitikira ma ion a kopa. Ambiri amasokonezeka chifukwa dzina loti oxidation limamveka ngati pafunika okosijeni. Dzinali ndi lakale, la m'nthawi ya Antoine Lavoisier cha m'ma 1770 ndi 1780, pamene anthu anazindikira kuti kuyaka kwa moto ndi kuchita dzimbiri ndi kuphatikana ndi okosijeni. Elekitironi inadzatulukiridwa mochedwa, mu 1897, ndipo m'kupita kwa nthawi zinaoneka kuti okosijeni ndi mmodzi chabe mwa olanda maelekitironi. M'kapu mwanu munalibe okosijeni amene anatenga nawo mbali, koma ayironi anachitabe oxidation. Pa reduction napo anthu amafunsa kuti chachepa n'chiyani pomwe chinthu chalandira. Chimene chimatsika ndi nambala ija: kopa anali pa +2, wafika pa 0. Ziwirizi sizichitika payekhapayekha. Maelekitironi sangatayidwe popanda wowalandira, choncho mukaona chimodzi funsani kuti chinzake chikuchitikira pati.

Nanga wopereka ndi wolandira amadziwika bwanji? Zitsulo zili ndi mndandanda wake, kuyambira zimene zimataya maelekitironi mosavuta kufika zoumira. Pamwamba pali potaziyamu, sodiyamu, kashiamu, maginiziyamu ndi aluminiyamu. Kenako zinki, ayironi, tini ndi mtovu. Pamenepo timaikapo haidrojeni ngati chizindikiro cha malire ngakhale si chitsulo, ndipo pansi pake pali kopa, siliva ndi golide. Lamulo lake n'lakuti chitsulo chapamwamba chimachotsa chapansi m'madzi a mchere wake. Ayironi ali pamwamba pa kopa, ndiye amamuchotsa. Mukaviika waya wa kopa m'madzi a iron sulphate palibe chimene chichitike ngakhale mudikire sabata. Koma waya womwewo mukauviika mu silver nitrate umamera tinthu tonyezimira ta siliva ngati ubweya, madzi n'kuyamba buluu. Mndandanda womwewu ndi umene umachititsa kuti golide azipezeka m'nthaka ali chitsulo kale, pomwe sodiyamu ndi potaziyamu amasungidwa m'mafuta kuopa kuti angakumane ndi chinyezi.

Popeza inu mumagwira multimeter tsiku ndi tsiku, mndandandawu ukupatsani tanthauzo mukauona m'mavolti. Poyerekeza ndi haidrojeni amene timamupatsa 0, kopa ali pa +0.34 V, siliva pa +0.80 V, ayironi pa −0.44 V, zinki pa −0.76 V, aluminiyamu pa −1.66 V, ndipo sodiyamu ali kutali pa −2.71 V. Kusiyana kwa manambala awiri ndiyo mphamvu imene ikukankha maelekitironi. Pakati pa ayironi ndi kopa pali 0.78 V, yokwana kuyendetsa zinthu popanda batire lanu. Pakati pa zinki ndi kopa pali 1.10 V, ndipo imeneyi ndiyo mphamvu ya batire limene John Frederic Daniell anapanga mu 1836. Batire lililonse ndi oxidation ndi reduction zimene zalekanitsidwa malo kuti maelekitironi akakamizike kudzera mu waya.

Aluminiyamu amapusitsa anthu pa mndandandawu. Ali pamwamba kuposa ayironi, koma sachita dzimbiri looneka. Chifukwa chake n'chakuti akangokumana ndi mpweya amapanga kachikopa kopyapyala kwambiri ka aluminium oxide, kolimba ndi kosalowa madzi, kamene kamatsekereza zonse. Dzimbiri la ayironi limafufuma n'kumasuka, chinyezi n'kumalowabe mkati.

Tsopano electrolysis. Zonse tanenazi zimachitika zokha, ngati madzi otsetsereka. Electrolysis ndi kugwiritsa ntchito magetsi a DC, oyenda mbali imodzi ngati a batire, kukakamiza zimene sizikanachitika zokha, kapena kulamula kuti zichitikire pamalo pamene inu mukufuna. Batire limakoka maelekitironi ku chitsulo cha ku pozitivu n'kuwakankhira ku chitsulo cha ku negetivu. M'madzimo maelekitironi sasambira ayi. Amene amayenda m'madzi ndi ma ion: okhala ndi + amalowera ku negetivu, okhala ndi − amalowera ku pozitivu. N'chifukwa chake madzi oyera enieni salola magetsi kudutsa bwino, ndipo mchere wouma nawonso sulola, popeza ma ion ake amangika malo amodzi.

Pa funso la anode, mabuku sakutsutsana. Anode ndi pamene pakuchitika oxidation, cathode ndi pamene pakuchitika reduction, nthawi zonse. Chimene chimasintha ndi chizindikiro. Mu electrolysis batire lakunja likukoka maelekitironi ku anode, ndiye anode ndi pozitivu. Mkati mwa batire limene likuyatsa tochi, chitsulo chimene chikudyeka n'kumatulutsa maelekitironi ndi zinki, ndipo mbali imeneyo ndiyo negetivu, choncho anode ndi negetivu. Batire la galimoto limasinthasintha: likamayatsa injini, mbali ya negetivu ndi anode, koma likamatchajidwa mbali yomweyo imakhala cathode. Langizo langa n'lakuti musaloweze zizindikiro. Dzifunseni kuti maelekitironi akutayidwa mbali iti, imeneyo ndiyo anode. Mawu amenewa, pamodzi ndi electrode, electrolyte ndi ion, anafalitsidwa ndi Michael Faraday mu 1834, ndipo ena mwa iwo anamuthandiza kupeka ndi William Whewell.

Kuda bii kuja ndi vuto lachiwiri, losiyana ndi loyamba. Anode ikakhala ya kopa, ku pozitivu kopa amasungunuka, ku negetivu kopa amaunjikana. Zochitika ziwirizi n'zofanana koma zotembenuzana, motero mphamvu imene ikufunika ndi yochepa, nthawi zambiri yosafika 1 V, yongokwana kukankha ma ion m'madzi. Inu munapereka 9 V pa kamsomali kamodzi. Ma ion a kopa amene anali pafupi ndi msomali anatha msanga kuposa mmene ena akanafikira, maelekitironi otsala anayamba kugwira madzi n'kutulutsa mpweya wa haidrojeni, ndipo kopa anaunjikana mothamanga ngati fumbi pakati pa tithovu. Fumbi la kopa losalala kwambiri limaoneka lakuda kapena lofiirira moderapo. Okuta zitsulo amati ntchito yapsa, ndipo imayambira kupsa m'makona ndi kunsonga chifukwa magetsi amaunjikana kumeneko.

Chofunika kuyeza ndi kuchuluka kwa magetsi pa sentimita iliyonse ya chinthu chimene mukukuta. Kwa oyamba kumene, 10 mpaka 20 mA pa sikweya sentimita imodzi ndi pabwino. Chinthu cha masikweya sentimita 10, powerengera mbali zonse, chifuna 0.1 mpaka 0.2 A basi. Faraday anapezanso kuti kulemera kwa chitsulo chimene chaunjikana kumatsatira ndendende kuchuluka kwa magetsi amene adutsa. Pa kopa, 1 A kwa ola limodzi imaunjika pafupifupi magalamu 1.19. Ndiye 0.2 A kwa mphindi 30 ikupatsani pafupifupi magalamu 0.12, amene akayalidwa pa masikweya sentimita 10 amapanga chikopa chokhuthala pafupifupi mamaikiromita 13. N'chopyapyala kuposa tsitsi, koma chokwana kuoneka bwino ndi kupukutidwa kuti chiwale. Mukafuna chokhuthala onjezerani nthawi, osati magetsi.

Kuti muone ntchito yabwino, siyani kaye ayironi. Yambani ndi chinthu cha brass kapena cha kopa chomwe, monga kiyi wakale wachikasu kapena phini ya pulagi yakale. Maginito akuthandizani kusankha: chimene chamata pa maginito chiikeni pambali. Pa madzi okwana 250 ml sungunulani magalamu 50 a copper sulphate wabuluu m'madzi oyera enieni (distilled water) othira m'mabatire, chifukwa madzi wamba amabwera ndi mchere wina umene umadetsa ntchito. Okuta zitsulo amaonjezera sulphuric acid, pafupifupi magalamu 50 pa lita. Asidi watsopano wa mabatire a galimoto, amene sanalowepo m'batire, 25 ml pa 250 ml akufikitsani pafupi ndi mlingo umenewu. Asidi amathandiza magetsi kudutsa, amaletsa nsenga zobiriwira kupangika, ndipo amachititsa kuti anode isungunuke mofanana. Thirani asidi m'madzi pang'onopang'ono, osathira madzi mu asidi, mutavala magalasi oteteza maso ndi magolovesi. Ngati zotetezazi mulibe, yesani popanda asidi. Zitheka ndithu, kungoti kopa wake sasalala kwenikweni.

Ntchito zambiri zimalephera pa kutsuka. Palani chinthucho ndi sandipepala wosalala, chitsukeni ndi sopo kapena soda wochapira m'madzi otentha, muchitsukuluze. Kenako chiyeseni: madzi akayalana bwino pachinthu ponse ngati nsalu yonyowa, chayera. Akamasonkhana timadontho, mafuta akadalipo, bwerezani. Chikayera musachigwirenso ndi zala, mafuta a pakhungu okha ndi okwana kusiya chidindo cha chala pamene kopa sagwira. Chipachikeni ndi waya wa kopa. Anode ikhale kopa weniweni, monga waya wokhuthala wopindidwa kangapo kapena chidutswa cha paipi, yaikulu mofanana ndi chinthucho kapena kuposerapo, motalikirana masentimita 5 mpaka 10. Magetsi atengeni ku batire limodzi lalikulu la 1.5 V kudzera mu resistor ya 4.7 ohm, kapena ku tchaja ya foni ya 5 V kudzera mu resistor ya 22 ohm yopirira 2 W kapena kuposa. Njira zonse ziwiri zikupatsani pafupifupi 0.2 A, ndipo multimeter ikhale m'njira ya magetsiwo kuti muziona. Lumikizani mawaya kaye, kenako viikani chinthucho magetsi ali kale m'njira. Muzitakasa madzi pang'ono ndi kutembenuza chinthucho mphindi zisanu zilizonse, chifukwa mbali yoyang'ana anode imalandira zambiri.

Ntchitoyo imanena yokha mmene ikuyendera. Kopa wabwino amaoneka wapinki wotuwira, wosalala, wosawala mpaka mutampukuta. Makona akayamba kuda, chepetsani magetsi. Kopa akamasendeka ngati khungu la njoka, vuto ndi mafuta kapena chinthu chosapalidwa bwino. Timatuza tokhakhala timabwera ndi zinyalala zochoka ku anode, ndipo mungazitchinge pokulunga anode m'kansalu. Buluu akamazilala ndiye kuti anode yanu si kopa weniweni kapena sikusungunuka, popeza anode yabwino imabwezera m'madzi kopa yense amene akuchoka. Chinthu chanu chikamadyeka m'malo mokutidwa, mwatembenuza mawaya. Njira yomweyi ndi imene mafakitale amayeretsera kopa wa mawaya amagetsi: kopa wosayera amakhala anode, woyera wofika 99.99 peresenti amaunjikana ku cathode, ndipo siliva ndi golide amene anali mkati amagwera pansi ngati matope chifukwa pa mphamvu yochepa imeneyo sasungunuka.

Za misomali ndi sipanala ndikuuzeni zoona. M'madzi a copper sulphate, ayironi adzapereka maelekitironi ake nthawi zonse, kaya mwatsuka bwanji. Kuviika magetsi ali kale m'njira kumachepetsako vutoli koma sikulithetsa. Mafakitale amayamba ndi kachikopa kopyapyala ka nickel, kapena ka kopa wochokera m'madzi ena osakhala a asidi mmene ma ion a kopa amamangidwa kuti asalande maelekitironi a ayironi, kenako n'kupititsa chinthucho ku copper sulphate. Ena mwa madzi amenewo amakhala ndi cyanide, amene akakhudzana ndi asidi amatulutsa mpweya wakupha, ndipo ameneyo sayenera kufika pakhomo pa munthu. Masipanala ambiri onyezimira ndi okutidwa kale ndi chrome, amene monga aluminiyamu ali ndi kachikopa kake ka oxide, ndipo palibe chimene chimagwira pamenepo. Ngati chinthu cha ayironi chili chofunika kwa inu, pitani nacho kwa okuta zitsulo amene ali ndi madzi oyambira aja.

Komanso dzifunseni cholinga. Ngati mumafuna kuteteza zida ku dzimbiri, kopa ndi chitsulo cholakwika. Chikopa cha kopa chikangokandika, pamalopo pamakhala ayironi ndi kopa atagundana m'chinyezi, ndiko kuti kabatire kakang'ono, ndipo wodyeka ndi ayironi. Dzimbiri limafulumira kuposa chikanakhala chosakutidwa. Chitini chokutidwa ndi tini chikakandika chimachitanso chimodzimodzi panja pa chinyezi. Zinki ndi wosiyana, popeza ali pamwamba pa ayironi: malata okutidwa ndi zinki akakandika, zinki ndi amene amadyeka, ayironi n'kutsala. Humphry Davy anagwiritsa ntchito nzeru imeneyi mu 1824 pomangirira zidutswa za zinki ndi ayironi pa kopa wokuta pansi pa sitima zapamadzi, ndipo mpaka lero matanki ambiri otenthetsera madzi amakhala ndi ndodo ya maginiziyamu yoti izidyeka m'malo mwa thankiyo. Pa ntchito yanu yomwe, waya wa kopa mukaulumikiza ndi wa aluminiyamu pamalo achinyezi, aluminiyamu amasanduka ufa woyera, polumikizapo n'kuyamba kutentha.

Tifike ku madzi amchere. Sodiyamu sanapite kulikonse, akadali m'kapu momwemo. Ku cathode kunafika ma ion a sodiyamu, koma kunalinso madzi, ndipo onse awiri angathe kulandira maelekitironi. Amene amalandira ndi amene savuta. Madzi amalandira pa −0.83 V, sodiyamu mpaka −2.71 V, ndiye madzi amapambana kutalitali:

2H₂O + 2e⁻ → H₂ + 2OH⁻

Thovu la ku negetivu linali haidrojeni, ndipo ma ion a sodiyamu anatsala m'madzi pamodzi ndi OH⁻, kumene kuli kunena kuti munapanga caustic soda pang'ono. Ngakhale atomu ya sodiyamu ikanapangika, ikanalimbana ndi madzi nthawi yomweyo n'kubwerera. Kuti sodiyamu atuluke, madzi asakhalepo n'komwe. Davy anatulutsa potaziyamu ndi sodiyamu koyamba mu 1807 podutsitsa magetsi mu potash ndi caustic soda zosungunuka ndi kutentha. Mchere wamba umasungunuka pa 801 °C, ndipo mafakitale amausakaniza ndi calcium chloride kuti usungunuke pafupi ndi 600 °C. Aluminiyamu nayenso satuluka m'madzi. Kuyambira 1886, pamene Charles Martin Hall ndi Paul Héroult anatulukira njirayi aliyense payekha, amapangidwa posungunula aluminium oxide mu mwala wosungunuka wotchedwa cryolite, wotentha pafupifupi 950 °C. Zitsulo zapamwamba pa mndandanda sizituluka mosavuta, pomwe ayironi amatheka ndi kaboni m'ng'anjo.

Ku anode kunali mpikisano wina, pakati pa madzi ndi ma ion a chloride. Pa manambala okha madzi amayenera kupambana n'kutulutsa okosijeni, popeza amafuna 1.23 V pomwe chloride amafuna 1.36 V. Koma okosijeni ndi waulesi kupangika pa kaboni, amafuna mphamvu yoonjezera ndithu, choncho mchere ukachuluka chloride amadutsa n'kutulutsa mpweya wa klorini:

2Cl⁻ → Cl₂ + 2e⁻

Ameneyo ndiye anakutsokomoletsani. Wina anasungunuka n'kukumana ndi caustic soda wa mbali inayo, n'kupanga sodium hypochlorite, amene ndi mankhwala oyeretsera zovala enieniwo, motero mphuno yanu sinaname. Mafakitale opanga klorini ndi caustic soda amagwiritsa ntchito madzi amchere omwewa, koma amaika chotchinga pakati kuti ziwirizi zisakumane. Mukanaika waya wa kopa ku pozitivu m'malo mwa kaboni, fungo silikanamveka kwenikweni chifukwa kopayo ndi amene akanasungunuka, ndipo mukanaona matope achikasu kapena obiriwira.

Klorini ndi wolemera kuposa mpweya wamba pafupifupi kawiri ndi theka, amakhazikika pansi ndi pamwamba pa kapu pomwe munthu amaweramira kuti aone bwino. Pa batire laling'ono amatuluka wochepa, koma ndi tchaja ya batire la galimoto amachuluka msanga. Madzi otsalawo musawathire asidi aliyense, ngakhale madzi anu a copper sulphate aja, chifukwa asidi amamasula klorini yense amene anasungunuka. Haidrojeni naye amayaka akafika pakati pa 4 ndi 75 peresenti mumpweya, choncho musatseke botolo limene electrolysis ikuchitikira, ndipo moto, fodya ndi kuthetheka kwa mawaya zikhale kutali. Magetsi a pakhoma asalowe m'madzi mwanjira iliyonse.

Ngati mukufuna kungoona madzi akugawika, monga anachitira William Nicholson ndi Anthony Carlisle mu 1800, sinthani mchere. Sodium sulphate kapena magnesium sulphate amalola magetsi kudutsa koma satulutsa klorini. Vundikirani timachubu tiwiri todzaza madzi pamwamba pa timitengo ta kaboni tija. Ku negetivu mupeza mpweya wochuluka kawiri kuposa ku pozitivu, monga H₂O akunenera. Musadabwe okosijeni akaperewera pang'ono kapena madzi akada, chifukwa okosijeni wina amasungunuka m'madzi ndipo wina amadya kaboniyo. Anode ya stainless steel ipeweni, makamaka m'madzi amchere kapena pa ntchito ya maola ambiri, popeza imatha kutulutsa mtundu wa chromium woopsa umene umasandutsa madzi achikasu.

Chifuwa chija ngati chinatha mutatuluka panja, palibe chodetsa nkhawa. Koma ngati mukutsokomolabe, pachifuwa pakuthina, mukupuma movutikira kapena molira, pitani kuchipatala lero lomwe ndipo mukawauze kuti munapuma klorini, chifukwa mapapo amatha kuyamba kuvuta patapita maola angapo. Amene ali ndi mphumu asadikire n'komwe. Asidi, caustic soda kapena copper sulphate zikalowa m'maso, tsukani ndi madzi oyenda kwa mphindi zosachepera 15, kenako kuchipatala. Madzi abuluuwo amakopa ana, choncho musawasunge m'botolo la chakumwa, lembani dzina pabotolo ndipo likhale pamwamba. Wina akamwa, thamangirani naye kuchipatala mutatenga paketi ya mankhwalawo, osamukakamiza kusanza.

Madzi a copper sulphate sawonongeka, mungawasefe n'kuwagwiritsanso ntchito kambirimbiri. Tsiku limene mudzafune kuwataya musawathire mu ngalande kapena pafupi ndi mtsinje, chifukwa kopa wosungunuka amapha nsomba ngakhale ali wochepa. Aikeni m'chidebe chapulasitiki chosavundikira, panja, muponyemo misomali yakale yambiri kapena waya wosalala wa ayironi wokwechera mapoto, musiye masiku awiri kapena atatu mukutakasa mwa apo ndi apo. Ngati munali asidi, mudzaona tithovu ta haidrojeni, n'chifukwa chake chidebe chisavundikiridwe. Buluu akatheratu, ndipo msomali watsopano wopalidwa ukaviikidwa osafiiranso, kopa watha m'madzimo. Sefani nsenga zofiirirazo ndi nsalu muziike pamodzi ndi zidutswa za kopa, ndipo m'madzi otsalawo thirani soda wochapira pang'onopang'ono mpaka thovu litasiya, matope a ayironi akhazikike pansi, muwaumitse musanawataye.